Giredi ya ku koleji sibisika, ngakhale mwana anaipeza ali ku sekondale

Pali langizo limene likuyenda pakati pa makolo achimalawi amene akulera ana ku America, kuphatikizapo ku South Bend m'chigawo cha Indiana kumene anthu akwathu adachuluka. Akuti mwana akalakwa kosi ya dual enrollment musade nkhawa, zimenezo zimathera ku sekondale, ndipo pofunsira malo ku yunivesite angokhala chete osazitchula. Langizoli ndi labodza, ndipo lingamulanditse mwana malo amene giredi yoipayo payokha sikanamulanda.

N'zosadabwitsa kuti ambiri akulikhulupirira. Kwathu munthu akalakwa MSCE amabwereza Folomu 4, n'kulembanso, ndipo anthu amayang'ana zotsatira zatsopanozo. Dual enrollment siyenda choncho. Mwana amaphunzira kosi ya ku koleji akadali ku sekondale, makirediti n'kuwerengedwa mbali zonse ziwiri, ndipo kolejiyo imamulemba m'kaundula wake ngati wophunzira wina aliyense. Ku Indiana ambiri amadzera ku Ivy Tech. M'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023, ana pafupifupi 2.5 miliyoni m'dziko lonselo ankaphunzira mwa njira imeneyi. Aliyense wa iwo ali ndi transcript ya ku koleji, ndipo cholembedwa pamenepo chimakhala mpaka kalekale, ngakhale kalasiyo inkachitikira m'chipinda cha pasekondale pomwepo.

Fomu yofunsira malo ku yunivesite ya Common App imafunsa mosapita m'mbali ngati mwana anaphunzirapo kosi pa koleji ina iliyonse. Akakana, yunivesite sivutika kupeza zoona: bungwe la National Student Clearinghouse limasunga mayina a anthu amene analembetsa m'makoleji pafupifupi onse a m'dzikomo. Komanso kawirikawiri kosiyo imaoneka kale pa transcript ya ku sekondale. Wogwidwa atanama akhoza kulandidwa malo ngakhale kalata yomulandira ili kale m'manja.

Kodi ndiye kuti D imodzi yatseka chitseko? Ayi. Osankha ophunzira amawerenga mbiri yonse ya mwana: kulimba kwa makosi amene anatenga, ndi mmene anachitira pambuyo popunthwa. Mwana wa zaka 16 amene anapeza C pa masamu a ku koleji, chaka chotsatira n'kukweza magiredi, sakhala wotayika. Fomu yomweyo ili ndi malo ofotokozera ngati panali matenda kapena maliro, ndipo mlangizi wa pasukulu akhoza kuikirapo umboni m'kalata yake. Chimene chimatayika nthawi zambiri ndi makirediti, chifukwa mayunivesite ambiri salandira kosi imene mwana anapeza giredi yosafika pa C. Koma samalani ndi chaka chomaliza: University of California imafuna kuti mwana amene yamulandira kale anene akapeza D kapena F, ndipo ikhoza kubweza malowo.

Pamene giredi yoipa imaluma kwambiri ndi pa ndalama, ndipo olangiza aja satchulako. Kuti wophunzira apitirize kulandira thandizo la boma monga Pell Grant, makoleji ambiri amafuna GPA (avareji ya magiredi) yosachepera 2.0 komanso kuti akhoze magawo awiri mwa atatu a makirediti onse amene anayesa. Tiyerekeze mtsikana watenga makosi awiri a makirediti atatuatatu, wapeza B pa ina, F pa inzake. GPA yake ndi 1.5, ndipo wakhoza theka lokha. Akamaliza sekondale n'kukalowa pa koleji yomweyo, akhoza kuyamba ali kale pansi pa muyezo asanakhale m'kalasi ndi tsiku limodzi lomwe. Kwa amene akufuna udokotala, ndipo makolo ambiri akwathu ndi umene amaufunira ana awo, nkhaniyi imabweranso patapita zaka: AMCAS, yomwe imayendetsa mafomu a masukulu a udokotala, imawerengera makosi onse a ku koleji, ngakhale a nthawi ya sekondale. Ukabwereza kosi, imawerengera magiredi onse awiri.

China chimene chimadzidzimutsa makolo ndi lamulo la FERPA la mu 1974. Mwana akalembetsa pa koleji, zotsatira zake za kumeneko zimakhala m'manja mwake ngakhale asanakwane zaka 18, choncho musayembekezere kuti aphunzitsi a ku koleji akuimbirani foni zinthu zikayamba kuvuta.

Njira yopulumukira ilipo, koma ili ndi tsiku lake lotsekera. Mwana akasiya kosi mwalamulo tsikulo lisanadutse, amalembedwa W, yomwe sitsitsa GPA ngakhale imawerengedwa pa makirediti oyesedwa. Akangoleka kupita m'kalasi osalemba fomu, kawirikawiri imatuluka F. Makolo, funsani ana anu tsiku limenelo teremu ikangoyamba. Ngati F yalembedwa kale, mwana aitchule pa fomu ndipo afotokoze chimene chinachitika.