Gasi phikirani, koma musagone naye mu kebu

 Juni wafika, ndipo nkhani imene imabwera chaka chilichonse yayambanso: kodi tiike hita ya gasi mu kebu? Ena ayamba kale kufunsa mitengo. Ife maganizo athu ndi akuti ayi. Gasi phikirani nsima, wiritsirani madzi a tiyi, koma moto umene lawi lake likuyaka m'chipinda chomwe mukupumamo usakhale woyaka inu mutagona.

Amene munagonapo pa Beatrice mukudziwa chimene chimachititsa munthu kuganiza za gasi. Dzulo lake munali ku Tete, thukuta lili kamukamu, malaya atamata pamsana. Mwachedwa pa Nyamapanda ndi mapepala, Harare mwamudutsa kutada, mwatulukira ku Mbudzi, ndipo mutayenda makilomita 50 ndi kanthu maso akulemera. Mukuima pa Beatrice. Kumeneko n'kumtunda, dera la mapulazi a ng'ombe za mkaka, kopanda chotchinga mphepo, mtsinje wa Mupfure uli pafupi. Kumwamba kukakhala kopanda mitambo, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kumazizira mpaka mano kugundana, ndipo masiku ena udzu wa m'madambo umadzuka utayera ndi chisanu. Chitsulo cha kebu sichisunga kutentha. Injini ikangozizira, muli mu filiji.

Ifeyo zinatichitikira pomwepo, Julayi wina zaka zapitazo. Tinali atatu, adalaivala ndi ife a geni awiri operekeza katundu. Titadya, kasitovu ka pa silinda ya makilogalamu atatu tinakasiya kakuyaka pang'onopang'ono pakati pa mipando, mawindo onse titatseka. Tinkati tizimitsa tikangofundidwa. Palibe anazimitsa. Chimene chinatidzutsa ndi mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, amene anabwera kudzagogoda kuti tisunthe thiraki wina atuluke. Anagogoda nthawi yaitali, akutero iwo. Potsegula chitseko adalaivala miyendo inawakanika, mnzathu anasanza pomwepo, tonse mutu ukuwawa ngati watimenya munthu. Ife tinayamba kunamizira nsomba zimene tinagula panjira. Bambo aja anangoyang'ana kasitovu kaja n'kutikalipira m'Chinyanja chomveka bwino. Makolo awo anachokera kwathu kudzagwira ntchito m'mapulazi a kumeneko, monga zinalili ndi anthu ambiri a ku Malawi ndi ku Mozambique. Anati m'makomboni mwana aliyense amadziwa kuti mbaula imatuluka panja anthu asanagone, nanga inu akuluakulu mwatani?

Vuto lake lili apa. Makala tonse timawaopa, koma gasi timamuona ngati waukhondo chifukwa satulutsa utsi. Komatu moto ndi moto, umadya mpweya womwewo umene ife tikupuma. Kebu ndi kachipinda kakang'ono. Mpweya wabwino ukayamba kuchepa, gasi sapsa bwinobwino ndipo amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, sutsamwitsa. Fungo lija timalimva silinda ikamadontha ndi lochita kuthiramo dala kuti tizindikire kudontha, ndipo silikhudzana ndi poizoniyu. Iye akalowa m'mapapo amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa oxygen maulendo oposa 200, ndiye magazi amangozungulira osanyamula chimene ubongo ukufuna. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Munthu wogona samva kalikonse, tulo timangokoma. Ngati anamwako kabotolo kuti afundidwe, ndiye kudzuka kumavutiratu.

Wina anena kuti, "Ine ndimasiya windo kampata ka chala, zaka zonsezi ndili moyo." Sitikukana, achimwene. Koma kampata kameneko kamadalira mphepo ya usiku umenewo, ndipo usiku wa chisanu ndi umene mphepo imakhala chete. Komanso tinene zoona, ikafika 3 koloko pamakhala wina amene amatambasula dzanja n'kutseka windo lija ali m'tulo. Ena amati amayang'ana lawi, likakhala la buluu ndiye kuti zili bwino. N'zoona kuti lawi lachikasu ndi chizindikiro choti gasi sakupsa bwino. Nanga mutagona akuliyang'ana ndani?

Palinso kudontha. Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha sakwera kukatulukira pawindo. Amatsikira pansi, kumapazi, pansi pa bedi, n'kumadikira ndudu yam'mawa kapena kamoto ka pa switch. Payipi imene kunyumba imakhala zaka osavuta, pathiraki imagwedezeka kuyambira pa Mwanza mpaka pa Beitbridge. Amene mumayenda ndi silinda yophikira, ndipo ndife ambiri, malo ake ndi m'bokosi lakunja lokhala ndi bowo pansi, itaima chilili, itamangidwa. Muzitseka pa silinda penipeni, osati pa sitovu pokha. Polumikizira muzipaka thovu la sopo, likamatukumuka pakudontha. Machesi si choyesera.

Ku Zimbabwe gasi amagulitsa pa kilo m'timashopu ta m'mbali mwa msewu, ndipo n'zothandiza. Koma imani pomwepo muone sikelo. Silinda siyenera kudzaza mpaka pakamwa, amasiya malo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa gasi amafufuma kukatentha. Mnyamata akakuikirani "basela" m'mawa wozizira pa Beatrice, basela ameneyo mukamuona bwino dzuwa la ku Tete likamadzawomba bokosi. Anzathu a ma tanker ndi onyamula katundu woyaka, inu nkhani ya lawi isayambe n'komwe.

Ndipo pa mavuto onsewa, gasi woyaka mkati safunditsa n'komwe bwino. Kilo imodzi ikapsa imatulutsa nthunzi ya madzi oposa lita imodzi ndi theka. Ndi madzi aja amayenderera pagalasi m'mawa. Ena amalowa m'mabulangete ndi m'matiresi, usiku wotsatira mukufunda zonyowa.

Hita yoyenera kugona nayo ilipo. Moto wake umayaka m'kabokosi kotsekedwa, mpweya woyatsira imakoka panja, utsi imatulutsira panja, ndipo mkati imangouzira mpweya wofunda. Za gasi za mtundu umenewu zilipo, monga za Truma ndi Propex zimene anthu a ku Ulaya amaika m'magalimoto awo ogonamo. Koma kuno mudzavutika kupeza wozidziwa ndi zipangizo zake, komanso mukhalabe mukudutsa ndi silinda yotsegula usiku wonse m'mayiko anayi. Pathiraki chanzeru ndi hita ya dizilo, poti dizilo muli naye kale. Mayina akale ndi Webasto ndi Eberspächer a ku Germany, ndipo za ku China zotengera zomwezo zimapezeka ku Joni pamtengo wotsikirapo. Ya 2kW imakwana pa kebu, ndipo imamwa dizilo wosapitirira kota ya lita pa ola. Injini yongolira usiku wonse imamwa malita awiri kapena atatu pa ola, ndiye werengerani nokha maola asanu ndi atatu.

Koma nayonso ikaikidwa mwachinyengo imapha. Onetsetsani kuti ndi ya 24V ngati thiraki yanu ili ya 24V. Payipi ya utsi itulukire pansi n'kuloza kutali ndi kebu, osati kuthera pansi pa bedi lanu pomwe pali mabowo a mawaya. Aike ndi munthu wa zamagetsi a galimoto amene anaikapo zina, ndipo mwini thiraki adziwe, poti pali kuboola chitsulo ndi kugwira thanki. Pambali pake gulani ka alamu ka carbon monoxide koyendera mabatire, mukaike chakumutu kumene mumagona. Kameneka kagulidwe ngakhale ndi amene alibe hita, chifukwa m'malo oimika mathiraki timapanikizana, ndipo utsi wa mnzanu amene wasiya injini ikulira ukhoza kulowa mwa inu.

Tikudziwa yankho la madalaivala ambiri: thiraki si yanga, ndalama ya panjira ndi yochepa, ndipo bwana amawerenga dizilo ndi tracker, ukaliza injini usiku akudula pamalipiro. Apa ndi pomwe ife tikuona kuti mlandu waukulu uli kwa eni mathiraki. Munthu amene amagula matayala a hosi yonse sangalephere hita imodzi ndi alamu. Kuletsa dalaivala kuliza injini osam'patsa china chofunditsa n'kumutuma kuti akayatse gasi. Muuzeni bwana za malita aja, poti chinenero chimene amamva msanga ndi chimenecho.

Nafenso a geni tisadziyeretse. Nthawi zambiri amene amayamba kudandaula kuzizira ndi ife okwera, adalaivala n'kuyatsa sitovu pofuna kutisangalatsa. Usiku uja anapempha kuti kasitovu kasazime ndi ife. Ndipo timachita zoseketsa: pobwerera timakhala tanyamula mabelo a mabulangete a ku China Mall ndi ku Dragon City, ife eni ake tikunjenjemera m'chitenje, kuopa kutsegula limodzi kuti lingatsike mtengo. Patulani bulangete limodzi likhale lapaulendo, liziyenda nanu kupita ndi kubwera.

Pamene hita palibe, chitani izi. Phikani panja kapena zitseko zili zotsegula, wiritsani madzi, thirani m'botolo la labala lija kapena m'chigubu cholimba, kulungani ndi thaulo, ikani kumapazi. Zimitsani, tsekani silinda, ibwerere m'bokosi lake. Valani chipewa cha ulusi ndi masokosi ouma, osati amene mwayenda nawo tsiku lonse. Bulangete lina yalani pansi, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera kumatiresi. Makatoni tchingani pagalasi lakutsogolo. Simugona ngati ku hotela, koma mugona.

M'mawa mukaona thiraki yoyandikana nanu mawindo ali mbuu ndi nthunzi, dzuwa latuluka koma palibe akusuntha, kagogodeni. Mukapeza munthu ali lefu kapena akulankhula zosamveka, tsegulani zitseko zonse, zimitsani moto, mutulutsireni panja, mugonekeni chammbali. Musam'mwetse mkaka kapena Panado n'kumati zatha, akufunika oxygen kuchipatala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka, makamaka ngati ali mayi woyembekezera. Yambani ndi chipatala chimene anthu a pamalopo akulozereni. Zikuluzikulu zili cha ku Harare: Sally Mugabe Central, imene kale inkatchedwa Harare Central, ndi Chitungwiza Central. Dzina lisakusokonezeni, chipatala cha Beatrice Road chili mu Harare ndipo ndi cha matenda opatsirana. Ndipo ngati inunso munagona mu kebu yomweyo, makiyi perekani kwa wina ayendetse.