Tebulo Langa Silikunama

Kumbuyo kwa tchalitchi chathu kuli tebulo laling'ono limene timaikapo mkate ndi vinyo tisanapite nazo kuguwa. Ndidalipanga ndine, ndipo ndi tebulo loyamba kutuluka m'manja mwanga. Pamwamba pake ndi mbawa yofiirira bwino, koma mbawayo ndi yopyapyala ngati chikhadabo. M'kati mwake ndi paini wamba. Tsiku limene tidalilowetsa, mnzanga wina wa Fomu 4 adaligogoda, nasuzumira kunsi kwake, nati: "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Iwe walowetsa bodza m'nyumba ya Mulungu." Anzathu adaseka, koma ine mau amenewa adandibaya. Ndawalingalira masabata angapo, ndipo lero ndapempha malo m'magazini athu ano kuti ndiyankhe. Ganizo langa ndi lakuti kukuta thabwa wamba ndi mtengo wabwino si chinyengo ai. Ndi ntchito yoona, ndiponso ndi ntchito imene siilola munthu kubisa kanthu.

Poyamba ndifotokoze chinthucho, popeza ambiri a ife tidakulira pa mipando ya ndalema ndi matebulo a matabwa enieni. Kufakitale amatenga chipika cha mtengo, nachinyika m'madzi otentha kapena kuchifukiza ndi nthunzi kuti chifewe, kenaka amachisenga ndi chimpeni chachikulu monga m'mene mai amadulira kabichi. Pamatuluka timapepala ta mtengo timene amisiri amati veneer. Nthawi zambiri kuchindikala kwake kumakhala pafupifupi mamilimita 0.6. Popeza mpeni sutulutsa utuchi monga sowo, mtengo wochindikala mamilimita 25, umene ukadangokhala thabwa limodzi, umapereka mapepala pafupifupi 40. Mmisiri amamata pepala lotere pa thabwa lotchipa koma losalala, monga pulayiwudi, ndipo m'mbali amamatamo timatabwa ta mtengo weniweni kuti pepalalo lisamakakatuke likagundidwa.

Amisiri amene amatiphunzitsa pa nthawi ya ntchito za manja ndi bambo achikulire osalankhula zambiri. Adabwera ndi mapepala awiri a mbawa otsala ku ntchito ina ya m'tauni. Zida zathu zidali sowo, puleni, tchizulo, sikweya, mpeni wakuthwa ndi guluu woyera, popanda makina aliwonse. Miyendo ndidaidula ku felemu ya chitseko chakale cha mbawa, ndipo kuboola mabowo olowetsamo matabwa opingasa kudanditengera masiku ambiri ndi matuza m'manja. Ndinkayesa kuti imeneyo ndiyo ntchito yaikulu, kumata pepala ndi masewera. Ndidalemba m'madzi.

Mwamwai amisiri adandiuza kuti ndiyambe ndayesera pa kathabwa kotsala. Ndidapaka guluu mothamanga, ndidamata, ndidasanjikapo njerwa, n'kupita kukasewera mpira. M'mawa mwake ndidapeza zinthu ziwiri. Choyamba, pakati padatuluka kachiphuphu. Amisiri adakapapasa ndi chala nandifunsa: "Iwe mnyamata, udasesa thabwali usanapake?" Kadali kautuchi kamodzi kokha, kosaposa njere ya mawere, koma kadaonekera pamwamba. Chachiwiri, kathabwa konse kadapindika ngati lichero. Chifukwa chake ndi ichi: guluu ali ndi madzi, pepala likamwa madziwo limafufuma, ndipo likamauma limakhwinyata n'kukoka thabwa kumbali yake. Mankhwala ake ndi amodzi basi, kumatanso pepala lina kunsi kuti mbali ziwirizo zikokane mofanana. Tangoganizani: mbali imene palibe adzaiona iyenera kusamalidwa chimodzimodzi ndi imene anthu adzaitama. Ukainyalanyaza, ya pamwambayo ndiyo idzakuulula.

Pa tebulo lenileni ndidadekha. Thabwa ndidalipala, ndidaliyesa ndi rula mbali zonse, ndidalipukuta katatu. Mapepala awiri aja adachokera motsatizana pa chipika chimodzi, choncho ndidawatsegula monga munthu atsegulira buku, kuti mizere ya kumanzere iyang'anane ndi ya kumanja. Kudula m'mphepete mwake kuti akumane popanda mpata kudandidyera Loweruka lathunthu. Guluu ndidampaka mopyapyala paliponse, pakuti akachepa pamatsala mphako, akachuluka amatulukira pamwamba n'kudetsa mtengo. Tidayala nyuzipepala, tidasanjika matabwa osalala, n'kuyamba kupana kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya upeze potulukira. Kunsi tidamata pepala la paini, loyera lija lidakhumudwitsa mnzanga. Komabe pa mapeto ndidalakwitsa. Posalaza ndi sandipepa ndidakanikiza kwambiri pa ngodya imodzi, mbawa idatha, ndipo padaonekera kadontho koyera. Ndidafuna kukadetsa ndi polishi wa nsapato. Amisiri adati, "Kasiye. Kadzikukumbutsa." Kalipo mpaka lero, ndipo aliyense wofuna angathe kukakaona.

Tsopano ndibwerere kwa mnzanga uja. Sindikuti adalankhula zopanda mutu. Chinyengo pa malonda a mipando chiripo. Alipo makabati opangidwa ndi utuchi wodinda, okutidwa ndi pepala lojambulidwa mizere ya mtengo, amene wogulitsa amalumbira kuti ndi mlombwa weniweni. Mai amagula ndi ndalama za fodya za chaka chonse, dzinja likafika kabatiyo imamwa chinyezi, imafufuma, n'kuyamba kuyoyoka. Limenelo ndi bodza, ndiponso ndi kuba. Koma tiyeni tifunse: bodzalo liri pati? Liri m'kamwa mwa wogulitsa. Thabwa silinena kanthu. Munthu akanena poyera kuti ichi ndi paini wokutidwa ndi mbawa, mtengo wake ndi wakuti, wanamiza yani? Nyumba zathu timazipaka pulasitala ndi laimu, ndipo palibe amene amati tikunamiza alendo kuti mulibe njerwa.

Luso limeneli si la dzulo. Aejipito akale, amene dziko lao lidali losowa mitengo yabwino, ankakuta mabokosi ndi mipando ndi timatabwa topyapyala ta mtengo wakuda wa mtundu wa phingo pamodzi ndi minyanga. Zina mwa zinthu zotere zidapezeka m'manda a mfumu Tutankhamun, amene Howard Carter adawatulukira mu 1922. Ngakhale m'Malembo Oyera kukuta kulimo. Pa Eksodo 25 timamva kuti Bokosi la Chipangano lidapangidwa ndi matabwa n'kukutidwa ndi golide m'kati ndi kunja komwe. Pa 1 Mafumu 6 timamva kuti makoma a miyala a Nyumba ya Mulungu ya Solomoni adakutidwa ndi matabwa a mkungudza m'kati monse. Kodi Mose ndi Solomoni adanamiza Mulungu? Iyai. Adaika chamtengo wapatali pamene chiyenera kukhala, ndi cholimba pamene chiyenera kukhala. Ndipo onani kuti Bokosi lija adalikuta ndi m'kati momwe, mosapenya munthu.

Chifukwa china chimene ndikuikira kumbuyo luso limeneli ndi mitengo yathu. Agogo athu ankapeza mbawa m'mphepete mwa mtsinje uliwonse. Ife tikafuna thabwa la mlombwa timafunsa kutali, ndipo mtengo wake umaumitsa pakamwa. Mkungudza wa ku Mulanje, umene udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, udadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu pa phiri lake lomwe. Mu 2022, pa msonkhano wa CITES ku Panama, maiko adagwirizana zoika mbawa ndi mlombwa za mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko ayenera kuyang'aniridwa ndi zilolezo. Mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono. Wodzala mlombwa amadzalira adzukulu. Paini, monga wa ku Chikangawa, amakula msanga ndipo amachita kudzalidwa m'minda ya mitengo. Nanga chanzeru n'chiti: kudya mbawa yathunthu pa tebulo limodzi kuti ndidzitame kuti langa ndi lenileni, kapena kuigawa kuti ikongoletse matebulo makumi angapo? Malemu Papa Fransisko, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, adatichenjeza za khalidwe lomwaza ndi kutaya zolengedwa. Ine ndikuona kuti kapepala ka mbawa kopyapyala kaja kakumvera chenjezo limeneli kuposa thabwa lochindikala.

Sindibisa kuti tebulo la thabwa lenileni liri ndi ubwino wake. Likakalika ungathe kulipala kambirimbiri, pamene langali ukalipala kawiri latha. Likanyowa limapirira, pamene langali madzi akakhalitsa pamwamba guluu angathe kulekerera. Koma nalonso thabwa lenileni liri ndi vuto: limafufuma m'dzinja ndi kukhwinyata m'chilimwe, n'chifukwa chake zitseko zina zimakana kutsekeka mu Febuluwale, ndipo matebulo otambalala amang'aluka pakati. Pulayiwudi sachita zimenezi kwenikweni popeza mapepala ake adamatidwa mopingasana, lina kugwira linzake. Chilichonse chiri ndi malo ake. Pa tebulo la kukhitchini ndingasankhe thabwa. Pa tebulo loikapo mphatso za Misa sindichita manyazi ndi limene ndidapanga.

Koma phunziro limene landikhudza koposa ndi la kautuchi kaja. Mnzanga ankaganiza kuti chokuta chimabisa. Ine ndaona ndi maso kuti chimaulula. Pepala lopyapyala limatsata chilichonse chiri pansi pake: pokumbika limalowa, potumphuka limatumphuka, ndipo vanishi akawala m'pamene zonse zimaonekera bwino. Abale anga a m'seminale, nafenso tikukutidwa. Tikuphunzira kuyankhula mofatsa, kugwada bwino, kuyenda mwaulemu, kuyankha m'Chingerezi chosalala. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzavala mkanjo. Zimenezi si zoipa, ndipo amene amazinyoza kuti ndi zachiphamaso akulakwa monga adalakwira mnzanga pa tebulo langa. Khalidwe looneka ndi lofunika. Funso ndi lakuti likumatidwa pa chiyani. Kabodza kakang'ono kwa Bambo wotiyang'anira, kaulesi pa ntchito imene palibe akutiona, kakuba sopo wa mnzathu kogona: timati ndi kautuchi chabe, mkanjo udzaphimba. Sudzaphimba. Akhristu a kumidzi ali ndi zala ngati za amisiri athu, adzapapasa n'kukapeza. Ndipo amene amasamala mbali yoonekera yokha, osasamala pemphero la payekha ndi chikumbumtima, tsiku lina adzapindika ngati kathabwa kanga koyamba.

Kwa inu makolo athu okondedwa, ndimve kuti ena mumadandaula mukamva kuti mwana wanu amakhala masana ndi puleni m'manja m'malo mwa buku. Mumati, "Tidamtumiza kukaphunzira, osati ukalipentala." Nkhawa yanu ndi yomveka, popeza fizi mumaipeza movutikira ndipo mayeso a Fomu 4 sachitira chisoni munthu. Koma ndikutsimikizireni kuti masamu a ngodya ndidawamvetsa tsiku limene mwendo wa tebulo udakana kuima chilili. Kumbukiraninso kuti pa Marko 6:3 anthu a ku Nazareti ankamdziwa Ambuye Yesu ngati mmisiri, kuti Paulo Woyera ankasoka mahema, ndi kuti mu 1955 Papa Pio wa 12 adakhazikitsa chikondwerero cha Yosefe Woyera Wantchito pa 1 Meyi. Si tonse tidzafike pa unsembe. Amene adzabwerera kumudzi adzabwerera ndi luso m'manja, ndipo amene adzadzozedwa adzadziwa kulemekeza mmisiri wa pa parishi ndi kumlipira moyenera, chifukwa adzakhala akudziwa kuwawa kwa matuza.

Kwa inu Abambo otiphunzitsa, pempho langa ndi laling'ono. Nthawi ya ntchito za manja isamakhale yoyamba kudulidwa mayeso akayandikira, ndipo isamaperekedwe ngati chilango, pakuti chimene mwana wachidziwa ngati chilango sadzachikonda. Tikadakhala ndi zopanira zinai zokha zoonjezera ndi mwala wabwino wonolera, anyamata ambiri akadayesa.

Pomaliza, mnzanga uja ndamchitira chinthu chimodzi. Ndatenga pensulo ya ukalipentala ndi kulemba kunsi kwa tebulo mau awa: "Pamwamba mbawa yopyapyala, m'kati paini, miyendo ya chitseko chakale. Ngodya yakumanzere ndidalakwitsa." Akadzasuzumiranso adzawapeza. Ndamuitananso kuti Loweruka likudzali abwere kunyumba ya matabwa, pakuti patsala kachidutswa ka mbawa kokwanira kabokosi ka makorona. Ndidzamsiya amate mbali imodzi yokha, ndipo m'mawa mwake tidzapitira limodzi kukaona.

Wophunzira wa Fomu 3