Dzenje la golide si ntchito ya mwana wanu

Ku Chifunde kuno tayamba kuyeza nzeru za mnyamata poona njinga yamoto. Akasiya sukulu, n'kupita kukakumba golide, n'kubwerako patatha miyezi ingapo atakwera njinga yatsopano, mudzi wonse umati wapeza ntchito. Mnzake amene watsala m'kalasi, kapena amene akuphunzira umakaniko kwa mmisiri wina, timamuyesa wogona. Ine ndikukana. Kukumba golide ndi piki ndi fosholo si ntchito yoti munthu amangirepo moyo wake. Ndi mwayi chabe, ndipo kholo limene limawombera m'manja mwana wosiya sukulu chifukwa cha mwayi likumugulitsa motchipa.

Magarimpeiro, okumba golide pamanjawa, sindikuwanyoza. Ambiri amalowa m'maenjemo chifukwa cha njala, ndipo mabanja ena akudya chifukwa cha thukuta lawo. Koma tiyang'ane mmene ntchitoyi imayendera. Dzenje limakumbidwa popanda zochirikiza, mvula ikagwa dothi limafewa n'kugumukira amene ali pansi. Pogwira golide amathira mercury, kenako amamuwotcha. Utsi wake umalowa m'mapapo n'kuwononga ubongo pang'onopang'ono, zotsalira zimapita kumtsinje kumene amayi amatunga madzi. Pogulitsa, sikelo ndi ya wogula, mtengo ndi wa wogula. Choipa koposa n'chakuti munthu atakumba zaka khumi amadziwa zomwezo zimene ankadziwa tsiku loyamba, kungoti msana watha. Ntchito yeniyeni imakulitsa mwini wake: chaka chilichonse amadziwa zambiri, ndipo mtengo wa manja ake umakwera.

Amene akuganiza kuti chuma cha pansi pa nthaka sichinamiza munthu apite akafunse ku Moatize. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula migodi ina ya malasha ya kumeneko ndi ndalama pafupifupi madola 3.7 biliyoni. Inkaganiza zonyamula malashawo kudzera pa mtsinje wa Zambezi, koma boma silinalole, malasha abwino anapezeka ochepa kuposa mmene ankayembekezera, ndipo mtengo unagwa. Mu 2014 inagulitsa migodi yomweyo ndi madola 50 miliyoni okha. Kampani ya Vale nayo, imene inayamba kukumba malasha kumeneko mu 2011, inachoka mu 2022 itagulitsa zonse kwa kampani ya Vulcan. Ngati makampani okhala ndi akatswiri a miyala, maloya ndi mabanki anaphonya chotero, nanga mwana wa zaka 15 wa ku Mualadzi m'boma lathu lino, amene chida chake ndi fosholo, akudalira chiyani? Eni migodi amasintha, mitengo imakwera n'kutsika, koma wowotcherera zitsulo, wa zamagetsi ndi wokonza makina amachoka pa mgodi ndi luso lake lonse, n'kukaligulitsa ku Tete, ku Songo kapena kwawo konkuno.

Pali cholakwa china chimene timachilemekeza kwambiri chifukwa chimavala malaya oyera. Mnyamata kapena mtsikana amaliza kalasi 12, n'kukhala pakhomo kudikira kuti boma lilengeze malo a uphunzitsi kapena unamwino. Chaka chimatha, china chimatha. Mukamuuza kuti aphunzire ukalipentala amati sanapitire kusukulu zimenezo, makolo nawo amavomereza. Aphunzitsi ndi anamwino tikuwafuna zedi, ndipo amene mtima wake uli pamenepo alimbike. Koma boma silingalembe aliyense, ndipo kudikira si ntchito.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito ili pamaso pathu. Msewu wa N9 wochokera ku Tete umadutsa m'boma lathu mpaka ku chipata cha Cassacatiza, ndipo malole opita ku Zambia kudzera pa Chanida ndi Katete amayendamo usana ndi usiku. Malole amawonongeka, matayala amaphulika. Njinga zamoto zachuluka, zonse zimafuna wozikonza. Mijigo imafa, zigayo zimaima, masola amafuna wodziwa kulumikiza mawaya, ng'ombe ndi mbuzi zimafuna wodziwa katemera. Tikasowa mmisiri wathu timaitana wa kutali, ndipo ndalama imene ikanatsala m'mudzi imakwera galimoto n'kupita.

Ulimi nawo ndi ntchito yoti munthu anyadire, koma pokhapokha mlimi akadziwa masamu ake. Ambiri a ife timalima fodya pa mgwirizano ndi Mozambique Leaf Tobacco: mbewu ndi feteleza zimabwera pa ngongole, ndipo ngongoleyo imadulidwa pogulitsa. Mlimi amene salemba zimene walowetsa m'munda, kuphatikizapo masiku amene banja lonse lagwira pa nazale ndi m'chigafa, sadziwa ngati wapindula kapena wangogwirira ena ntchito. Mwana amene mwamuchotsa kusukulu kuti akasoke fodya ndi yemweyo amene akanakuwerengerani kuti munda uno ukhale wa fodya, uwo wa soya, winawo wa chimanga cha pakhomo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama ya mlimi ndi imene yatsala m'manja ngongole itadulidwa, osati imene yalembedwa pa belo.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati sukulu ya sekondale ili kutali, yunifolomu ndi makope zimafuna ndalama, ndipo ophunzira ambiri akungoyendayenda ndi mapepala awo. Zonsezi n'zoona, ndipo apa mlandu ukuchoka kwa makolo kupita kwa olamulira. Lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Lamulo la 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Malamulo amenewa akhala mapepala chabe ngati mtsikana wa ku Nsadzo alibe sukulu yoti angafikeko ndi miyendo. Malo ophunzirira luso alipo m'chigawo chathu: Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu ya za miyala ndi migodi ku Moatize, nthambi ya zaulimi ya UniZambeze ku Ulónguè, komanso IFPELAC imene imaphunzitsa ntchito zamanja. Koma ndi ana angati a kumidzi yathu amene anamvapo mayina amenewa, masiku olembetsa ndi zofunika kuti munthu alowe? Munthu sasankha chimene sakuchidziwa. Tikamati achinyamata asankha molakwa, nthawi zambiri amakhala kuti anaonetsedwa njira imodzi yokha.

Choncho ndikupempha zinthu zotheka. Akuluakulu a zamaphunziro m'boma lino aonetsetse kuti sekondale iliyonse ili ndi tsiku limene amisiri, anamwino, alangizi a zaulimi ndi ophunzira a m'masukulu a luso amabwera kudzafotokoza m'Chinyanja ntchito zawo, mtengo wa maphunziro ake ndi phindu lake. Maphunziro afupiafupi a umakaniko, zamagetsi ndi zomangamanga abwere ku Luia ndi ku Mualadzi, m'malo moti mwana wosauka azikafuna pogona ku Tete. Mafumu athu, amene mawu awo amamveka kuposa chikalata cha boma, akane poyera kuti mwana wa msinkhu wa sukulu apezeke m'dzenje kapena pa banja.

Inu achinyamata, musanalowe ntchito iliyonse dzifunseni kuti ikadzatha mudzatsala ndi chiyani. Ngati golide mumamukondadi, pitani mukaphunzire za miyala kuti mudzakhale odziwa pokumba, oyeza ndi otchula mtengo. Ngati mwalowa kale m'maenje, ndalama yoyamba yooneka ikhale ya maphunziro kapena ya zida za ntchito. Ndipo ife makolo, mwana akabwera ndi ndalama, tisanalandire timufunse kumene yachokera ndi chimene waphunzirapo. Akasowa yankho la funso lachiwirilo, udindo wathu ndi kumubwezera kusukulu kapena kukamupereka kwa mmisiri chaka chino, msana wake udakali wolimba.