Cithunzi cikonzedwe, koma cisanene bodza

Masiku ano kamera iri m'thumba la munthu ali yense amene ali ndi foni ya makono. M'komboni ya Chililalila, m'tauni ya Kabwe, monganso m'midzi ya ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi, cithunzi cakhala kalata, cakhala msika, ndiponso cakhala mboni. Mwana amene agwira nchito m'tauni atumiza cithunzi ca mdzukulu kwa ambuye ace kumudzi. Mlimi atumiza cithunzi ca munda wace kwa mlangizi. Wa malonda aonetsa mbuzi kapena thumba la nshawa kwa wogula amene ali kutali. Koma zambiri mwa zithunzi zimenezi zimafika ziri zakuda, zopendekera kapena zosaoneka bwino, kotero kuti wozilandira sapezamo cimene anali kufuna. Mankhwala a bvuto limeneli ali m'foni momwemo, ndipo ndi aulere. Cofunika ndi cakuti anthu aphunzire kuwagwiritsa nchito, nadziwenso malire pamene kukonza kumathera ndi pamene kunama kumayambira.

Akulu-akulu akumbukira kuti kale kujambulitsa inali nkhani yaikulu. Banja linali kubvala zobvala za pa Sondo, kupita kwa wojambula m'tauni, ndi kudikira masiku angapo kuti filimu itsukidwe. Ngati wina anatsinzina, ndalama zinali zitapita basi. Kamera yoyamba yosalira filimu inapangidwa m'caka ca 1975 ndi Steven Sasson, wa ku kampani ya Kodak ku America. Inali kulemera makilogalamu oposa atatu, ndipo inali kutenga masekondi 23 kuti isunge cithunzi cimodzi copanda mitundu, ca timadontho 10,000 cabe. Lero foni wamba imajambula cithunzi ca timadontho mamiliyoni angapo m'kuphethira kwa diso. Popeza cithunzi ca makono ndi timadontho tosungidwa monga manambala, munthu akhoza kutiwalitsa, kutidetsa kapena kutidula ndi cala cimodzi. Nchito imene kale inali ya akatswiri okha tsopano mwana wa sukulu aitha.

Ena ayesa kuti kukonza zithunzi ndi masewera a acinyamata a m'tauni. Maganizo amenewa ndi olakwa. Pamene mbozi zija zochedwa nchemberezandonda zinalowa m'minda ya cimanga m'Zambia kumapeto kwa caka ca 2016, bvuto linakula kufikira Boma linatuma ndege za asilikali kukapereka mankhwala m'zigawo. Kucokera nthawi imeneyo mbozizo zakhala mdani wa mlimi nyengo iri yonse. Mlangizi mmodzi ali ndi midzi yambiri, ndipo sangafike pa munda uli wonse tsiku limodzi. Mlimi amene atumiza cithunzi coyera ca mtima wa cimanga, poonekera mbozi yeniyeniyo, mabowo a pa tsamba ndi zitosi zace zonga utuci, alandira yankho msanga. Amene atumiza cithunzi ca munda wonse, cojambulidwa ali patali dzuwa liri kumaso, ataya ndalama za intaneti pacabe, mbozi ziri kudya. N'cimodzimodzi ndi wa ziweto amene afuna kuonetsa cironda ca ng'ombe kwa dokotala wa ziweto.

Kukonza kwabwino kumayamba cithunzi cisanajambulidwe. Diso la kamera lipukutidwe ndi kansalu kofewa, pakuti foni imakhala m'thumba momwe muli fumbi ndi thukuta. Dzuwa likhale kumbuyo kapena kumbali kwa wojambula. Kamera imayesa kuwala kwa malo onse pamodzi. Motero ngati kumbuyo kwa munthu kuli thambo lowala, iyo imacepetsa kuwala, nkhope nisanduka mdima. Mthunzi wa mtengo, m'mamawa kapena madzulo, ndizo nthawi ndi malo oyenera. Wojambula akagunda ndi cala pa cinthu cimene afuna kuti cioneke, kamera imalunjika pomwepo. Ndi bwinonso kusendera pafupi ndi miyendo kusiyana ndi kukoka cinthu ndi zala ziwiri pa galasi, cifukwa m'mafoni ambiri kukoka kotero kumangotambasula timadontho, cithunzi nicikhala ngati ca m'nkhungu.

Cithunzi cikajambulidwa, woyamba kumene safunikira kompyuta kapena pulogalamu ya mtengo wapatali monga Photoshop. Pa malo osungira zithunzi m'foni pali mau akuti Edit, kapena cizindikiro ca kapensulo. Amene afuna zoonjezera angathe kuikamo Snapseed, pulogalamu yaulere ya kampani ya Google, imene ikalowa m'foni imagwira nchito ngakhale kulibe intaneti. Pa zonse zimene ziri m'menemo, zinthu zinai ndizo zokwanira. Coyamba ndi kudula m'mbali, pamene palembedwa kuti Crop, kuti cotsala cikhale cimene nkhani ikunena. Koma kudula kopitirira kumataya timadontho tambiri. Caciwiri ndi kuongola cithunzi copendekera, kuti nyumba iime ciriri ndipo nthaka ikhale yoyalana. Cacitatu ndi kuwalitsa, pa mau akuti Brightness, kapena pa Shadows pamene mdima uli pa nkhope pokha. Cacinai ndi kusiyanitsa zoyera ndi zakuda, pa mau akuti Contrast, cimene cithandiza kwambiri pojambula kalata, risiti kapena citupa kuti zilembo ziwerengeke. Zonsezi zicitike pang'onopang'ono, monga mai athira mcere m'ndiwo: akalawa, naleka.

Pali malangizo ena awiri amene ambiri aiwala. Cithunzi coyambirira cisafafanizidwe. Cokonzedwaco cisungidwe pacokha monga kope laciwiri. Ndiponso WhatsApp imacepetsa kukula kwa cithunzi pocitumiza, kuti cisadye ndalama zambiri. Pamene tinthu tating'ono tifunika kuoneka, monga mazira a mbozi kapena manambala a pa risiti, cithunzi citumizidwe pa njira yochedwa Document, pakuti pamenepo cimafika monga momwe ciriri.

Komabe mpeni umene usenda cinangwa ndi womwewo umene utema cala. Mapulogalamu omwewa akhoza kubiriwitsa cimanga cofota, kunenepetsa mbuzi yoonda, kufafaniza mng'alu pa khoma la nyumba yogulitsa, kapena kucotsa munthu pa cithunzi ngati kuti sanaliko. Anthu a ku Kabwe audziwa mkuyu waukulu uja uli pakati pa tauni, umene Boma liusunga monga cikumbutso ca dziko, ndipo makolo ananena kale za cipatso cace kuti cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyerere. Wa malonda amene akometsa katundu wace pa cithunzi kupitirira momwe aliri adya kamodzi kokha. Wogula amene walipira ulendo kucokera ku Kabwe kapena ku Lusaka, napeza mbuzi yosiyana ndi imene anaona, sabweranso, ndipo mbiri yoipa imagwera mudzi wonse, ngakhale alimi oona mtima amene sanalakwe kanthu. Mlimi amene abiriwitsa tsamba lodwala asanalitumize kwa mlangizi wadzipusitsa yekha, pakuti cikasu ca tsambalo ndico cimene cikanauza mlangizi ngati bvuto ndi njala ya fetereza kapena matenda.

Nkhani imeneyi yagwetsa ngakhale anthu omveka. M'mwezi wa Malichi 2024, nyumba yacifumu ya ku Britain inatulutsa cithunzi ca Catherine, mkazi wa Prince William, ali ndi ana ace atatu. Pasanathe tsiku, makampani akulu ofalitsa nkhani, Associated Press, Reuters ndi AFP, anacicotsa ataona kuti cinasinthidwa, ndipo m'mawa mwace mwini wace anapepesa. Lamulo la makampani amenewa ndi losabvuta kumva: kudula m'mbali ndi kukonza kuwala pang'ono n'kololedwa, koma kuonjezera kapena kucotsa cinthu n'koletsedwa. Lamulo lomwelo liyenera mlimi wa ku Chadiza ndi mnyamata wa ku Chililalila. Funso lace ndi limodzi: kodi munthu amene analipo pojambula, ataona cithunzi cokonzedwaco, angabvomere kuti zinalidi conco? Ngati yankho ndi inde, kumeneko ndi kukonza. Ngati ndi iai, limenelo ndi bodza.

Bodza lina ndi lobisika kwambiri, cifukwa limaoneka ngati kukongola. Mafoni ena amayeretsa khungu ndi kusalaza nkhope iwo okha, mwini wace asanapemphe. M'zaka za m'ma 1970 mafuta oyeretsa khungu anaononga nkhope za anthu ambiri m'maiko a Africa. Lero maganizo omwewo, akuti kuyera ndiko kukongola, abwerera kudzera pa galasi la foni. Kuwalitsa nkhope imene yagwa m'mdima kuti maso ndi mphuno zioneke ndi cinthu cina. Kusandutsa mwana wakuda kuti akhale woyera ndi cinanso. Mtsikana amene azolowera kudziona m'cithunzi cotere amayamba kuda nkhope yace yeniyeni. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kuonetsa ana kumene cinthu cimeneci cizimitsidwira. Pa cithunzi ca pasipoti, ca sukulu kapena cofunsira nchito, nkhope iyenera kukhala yomwe mwini wace ayenda nayo.

Tauni ya Kabwe iri ndi cifukwa capadera cosamalira coonadi ca zithunzi. Mgodi wa mtovu ndi zinki umene unayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, pamene tauniyi inali kuchedwa Broken Hill, unatsekedwa m'caka ca 1994, koma unasiya mtovu m'dothi la makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo ana ambiri apezeka ndi mtovu woculuka m'magazi. Zithunzi za mulu waukulu wa zinyalala za mgodi, wochedwa Black Mountain, zathandiza dziko lonse la pansi kudziwa za bvutoli. Zithunzi zotere ziri ndi mphamvu kokha cifukwa anthu azikhulupirira. Munthu amene adetsa thambo kapena aonjezera fumbi kuti nkhani imveke yoopsa wapatsa otsutsa cifukwa cokanira zonse, pamodzi ndi zoona zomwe. Cimodzimodzi pa mudzi: cithunzi ca mlatho wokokoloka, ca cigayo coonongeka kapena ca munda wodyedwa ndi ng'ombe za mnansi, cimene cipita kwa amfumu, kwa khansala kapena ku khoti, cisakhudzidwe kupatula kuciwalitsa kuti cioneke, ndipo coyambirira cisungidwe, pakuti m'kati mwace foni imalembamo tsiku ndi ola limene cinajambulidwa.

M'mabokosi a mabanja ambiri, ku Kabwe ndi kumidzi komwe, muli zithunzi zakale za atate ndi ambuye amene anacoka Kum'mawa kukagwira nchito ku mgodi ndi ku njanji. Mapepala amenewa ali kufufuma, ndipo ciswe sicidikira. Apa ndipo pamene acinyamata angacite nchito yotamandika. Cithunzi cakale cigonekedwe pa malo osalala pa mthunzi, cijambulidwe ndi foni popanda kuyatsa nyali yace, ciongoledwe, ciwalitsidwe pang'ono, ndipo maina a anthuwo, malo ndi caka zilembedwe akulu odziwa akali ndi moyo. Koma pafunika kucenjera ndi mapulogalamu atsopano amene alonjeza kubwezera cithunzi cakale mwakale. Pamene nkhope yafufuma, makina amenewa sadziwa momwe inaliri. Amangopeka maso ndi milomo kucokera ku nkhope za anthu ena. Banja likhoza kupacika pa khoma munthu wacilendo, nkumuchula kuti ndi ambuye. Cithunzi cofufuma ca kholo leni-leni ciposa cithunzi coyera ca munthu amene sanakhaleko.

Lamulo la dziko nalonso silinagone. Kutenga ndalama za munthu mwacinyengo ndi mlandu kuyambira kale, kaya cinyengoco cacitika pakamwa kaya pa cithunzi. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la milandu ya pa intaneti m'caka ca 2021, ndipo m'caka ca 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo atsopano awiri. Amene asintha cithunzi ca mnzace kuti amcititse manyazi pa Facebook adziwe kuti angathe kukayankha mlandu. Ngakhale kopanda lamulo, mwambo umanena kuti munthu, maka-maka mwana wa mwini kapena wodwala, sajambulidwa ndi kufalitsidwa popanda cilolezo.

Nchito yophunzitsa zimenezi si ya munthu mmodzi. Aphunzitsi a maphunziro a kompyuta angathe kupatula ola limodzi kuonetsa ana zinthu zinai zija pamodzi ndi malire ace. Alangizi a za ulimi, pa misonkhano ya makalabu ndi makopaletivu, aonetse alimi mtundu wa cithunzi cimene ciwathandiza kupereka yankho. A bungwe la ZANIS, limene linapangidwa m'caka ca 2005 pophatikiza nthambi ziwiri zofalitsa nkhani za Boma, ali ndi ojambula odziwa nchito amene angathe kugawira acinyamata luso lao. Ndipo acinyamata a ku Chililalila ndi a makomboni ena, amene zala zao zazolowera kale mafoni, akapita kumudzi pa chuthi asamangojambula makolo ao, koma awaphunzitse kugwira foni okha. Mudzi umene zithunzi zace zioneka bwino ndipo sizinama udzapeza ogula obwerezabwereza, alangizi oyankha msanga, ndi akulu a Boma okhulupirira madandaulo ace.