Chenjezo: Okumba mchenga asachoke asanakwirire maenje

Makolo, mafumu ndi nonse okhala pafupi ndi malo okumbapo mchenga, kwale ndi dothi lothira m'misewu, tamverani. Mvula ikangoyamba mu Novembala, maenje onse amene matipa akhala akutapamo chilimwe chonse adzadza madzi, ndipo oyamba kuthamangirako ndi ana.

Dzenje lotere silili ngati dziwe la kumtsinje limene mwana amalowa pang'onopang'ono madzi akuyambira m'akakolo. Makina amadula khoma choimirira. Mwana akaponda m'mphepete, phazi lachiwiri lagwera kale pakuya kopitirira msinkhu wa munthu wamkulu. Madzi ake ndi amatope, pansi sipaoneka, ndipo khoma lonyowa limaterera moti ngakhale katswiri wosambira amasowa pogwira. Madzi odikha omwewo amaswetsa udzudzu wa malungo ndi kusunga nkhono zofalitsa likodzo. Mbuzi ndi ng'ombe nazonso zimathera momwemo.

Inu amene mumakumba ndi fosholo m'mbali mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi, kapena Mudi ku Blantyre, tikudziwa kuti ndiwo ndi fizi ya ana zimachokera pomwepo. Koma lekani kufukula mphanga kunsi kwa gombe. Dothi la pamwamba likamwa madzi limalemera, kenako limagumuka mosachenjeza, ndipo anzanu akamakufukulani ndi manja mpweya umakhala utatha kale. Mtsinje nawo ukachotsedwa mchenga wambiri umazama, umadya magombe, umakokolola dothi la pamizati ya milatho, ndipo zitsime za m'madimba zimaphwa msanga. Amene adaona ukali wa madzi pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akudziwa kuti gombe lofukulidwa kale silingapirire. Zomwezi zikukhudzanso otapa mchenga m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay.

Apa ndi pamene ambiri timanamizidwa: mawu a amfumu si chilolezo, ndipo ndalama yopatsa mwini munda si chilolezo. Mchenga ndi miyala yomangira zili pansi pa lamulo la zamigodi, lomwe lidakonzedwanso mu 2023, ndipo wokumba kuti agulitse ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zidzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Lamulo lomwelo limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaopseza moyo. Choncho kufunsa mapepala si mwano ayi. Mayi amene khomo lake layang'anizana ndi dzenje ali ndi ufulu wonse wofunsa kapitawo kuti, "Bambo, chilolezo chanu chili kuti, ndipo malowa mudzawakonza liti?"

Kukonza malo si kukankhiramo milu iwiri ya dothi kuti anthu aone. Wokumba wotsata malamulo amayamba wasenda nthaka yachonde ya pamwamba n'kuiunjika pambali, osaigulitsa pamodzi ndi mchenga. Akamaliza kukumba amagwetsa makoma kuti akhale otsetsereka pang'ono, amatsegula ngalande kuti madzi asaime, amakwirira dzenje, amabwezera nthaka yachonde ija pamwamba, n'kubzala udzu wa vetiva ndi mitengo kuti nthaka igwirane. Ngati pamalo pamene akukumba m'mudzi mwanu simukuona mulu wa nthaka yakuda utasungidwa, dziwani kuti maganizo obwezeretsa mundawo palibe. Funsani lero.

Ndikunena lero chifukwa mphamvu yanu ili pamene makina akadali pamalopo. Kontirakitala akakweza makina ake palole, ntchito imene akadaigwira masiku ochepa imasanduka ya mudzi wonse ndi makasu, ndipo nthawi zambiri siigwirika. Mafumu, musavomere ndi pakamwa pokha. Mgwirizano ulembedwe pamaso pa komiti yachitukuko ya m'mudzi, unene poyera amene adzakwirire dzenje ndi tsiku lomaliza, ndipo kope lake lipite kukhonsolo. Wokumba akakana kuonetsa chilolezo, kapena akathawa dzenje lisanakwiriridwe, jambulani malowo ndi foni, lembani nambala za matipa, kanenani kwa mkulu woona zachilengedwe kukhonsolo yanu, ku MEPA ndi kupolisi.

Maenje amene adasiyidwa kale atchingeni ndi minga kapena mpanda sabata ino, madzi asanafike. Aphunzitsi, lengezani pa asembule ndipo tchulani malowo ndi maina awo. Amayi, musachapire kumeneko muli ndi kamwana koyenda kale. Wina akagweramo, musadumphire pambuyo pake ngati simudziwa kupulumutsa munthu m'madzi. Kuwani, mugone chafufumimba patali ndi m'mphepete, mumuponyere chingwe, nsungwi kapena chigubu chotseka, ndipo akatuluka muthamangire naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino.