ZA KAVIDIYO KA MFUTI KAJA, TIUZANE ZOONA

Kavidiyo ka mzungu wopanga yekha mfuti ya .22 kazungulira mokwana, ndipo ena mwayamba zoti "amakaniko, inunso simungapange?" Ndiyankhe pamodzi, muwerenge mpaka pansi.

Luso lake sindikutsutsa, munthuyo ndi dolo. Koma onetsetsani chimene akupanga. Iye akusema mtengo wa mfuti, uja umatsamira paphewa, n'kuuyeza pa makina kuti chitsulo chikhale bwino osagwedera. Mpope ndi zina zonse ndi za kufakitale. Ambiri kumeneko amayambira pa Ruger 10/22, mfuti imene inatuluka mu 1964, ndipo zida zake amagula m'sitolo ngati mmene ife timagulira mapulagi a Yamaha ku Old Town. Lamulo la dziko lawo limawalola zambiri. Lathu ndi lina.

Kuno kuli Firearms Act ya 1967. Mfuti imafuna chiphaso, zipolopolo chimodzimodzi, ndipo nkhani zake zimadzera kupolisi, likulu lawo lili ku Area 30. Ukapezeka nayo yopanda pepala, woweruza safunsa ngati unaisema mokongola ndi mlombwa. Njira yake ndi ya ku Maula basi. Ndiye wina akuti, "Mabwana a ku Area 10, Area 12 ndi 43 ena ali nazo zovomerezeka, bwanji tiziwakonzera mitengo yake tipeze ndalama?" Aise, chiphasocho chili m'dzina la bwana, osati lako. Tsiku loti apolisi aipeza m'shedi mwako, iye ali mu ofesi ku City Centre, wofotokoza ndiwe.

Chachiwiri, imvani mmene chipolopolo chake chimagwirira ntchito. Amati rimfire chifukwa mankhwala oyatsira wonga ali m'mphepete mwa thako la chipolopolo. Kachitsulo kakamenya pamenepo, mphepeteyo imaphwanyika, ndiye chikaphulika chatha, sungachidzazenso. Kutanthauza kuti tsiku lililonse uzifuna zatsopano. Wopanda chiphaso azigula kwa ndani? Kwa anthu omwe aja amathyola nyumba usiku. Wayamba ngati luso, wathera m'gulu.

Musanyozenso kuchepa kwake. N'kakang'ono, mamilimita 5.6, koma kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kakamenya pamadzi kamadumpha ngati mwala wophwatalala uja tinkaponya tili ana. Taganizani padooko m'mawa: amayi akutsuka mbale, ana akusamba, ena akukoka khoka. Komanso mphamvu ya m'kati mwa mpope pophulika imaposa ya m'tayala la galimoto kambirimbiri. Paipi yamadzi siingapirire. Ife timaona pisitoni yopangidwa ku Japan ikung'aluka chifukwa chosowa oyilo, nanga chitsulo chotola ku sikirapu? Maso ndi awiri okha, zala sizimera.

Ndikudziwa ena munena za ng'ona ndi mvuu, zoti zikutha anthu ndi mpunga m'madimba. N'zoona, zimawawa. Koma .22 ndi ya akalulu ndi kuwombera chandamale. Mvuu ungoipsetsa mtima, ndipo mvuu yovulala ndiyo imagubuduza bwato. Nyama zimenezi n'zotetezedwanso, zovuta zimakanenedwa kwa a Parks and Wildlife. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, milandu ina imafika zaka 30. Anzathu a ku Nkhotakota mukudziwa mmene nkhalango ija yasinthira kuchokera pamene African Parks inaitenga mu 2015. Nthawi ya gogodera ya agogo athu inapita.

Mfundo yanga ndi iyi. Chimene chakukokani mu kavidiyoko si mfuti ayi, ndi manja a munthu wodziwa kuyeza. Ndiye lusolo tili nalo pochita. Maboti angati agona pamchenga ku Senga Bay, ku Nkhata Bay ndi ku Makanjira chifukwa cha kabushi kamodzi kapena shafiti yopindika? Mwini boti amakwera minibasi mpaka Lilongwe kukasaka munthu wa lathe, masiku akupita, mdima wa usipa ukutha, alovi ali pansi pa mtengo kusewera bawo. Mnyamata mmodzi wodziwa lathe atakhala kunyanja konkuno, sangagone ndi njala. Amene manja akuyabwa pa matabwa, khomani boti, semani nkhafi, mbawa ndi yomweyo.

Lilongwe Technical College ilipo, maphunziro a TEVETA alipo, ngakhale kukhala kaye wothandizira pa shedi ya munthu wamakina ndi sukulu ndithu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kavidiyoko onerani, yamikirani, koma manja anuwo akudikiridwa ndi injini za makolo athu.

Amene ali ndi maganizo ena ayankhe, tikambirane bwinobwino osatukwanana. Tumizaniko kwa mng'ono wanu uja amakonda kugogoda zitsulo.