Galasi la Laputopu Likada, Mphunzitsi Ayambe Wafufuza

Tsiku lina ndili kuyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu zozungulira Namadzi, ndidapeza mnyamata wina atakhala khuma pakhonde. Laputopu yake yakale, imene adamtumizira mbale wake wa ku Johannesburg, idali itada bii. Akaiyatsa inkamveka kulira mkatimo, koma pagalasi sipankaoneka kanthu. M'menemo ndimo mudali masikimu ake, mapulani a maphunziro ndi malikisi a ana a teremu yonse. Iye adali atatsimikiza kale zokatenga katapila kuti akagule ina ku Limbe.

Nkhani imeneyi ndiyo yandichititsa kuti ndilankhule nanu, aphunzitsi a maŵa. Ganizo langa ndi lakuti mphunzitsi sayenera kutaya chipangizo kapena kuloŵa m'ngongole asanafufuze chimene chaonongeka. Zipangizo zotere zimachokera kunja, ndipo tonse tikudziŵa kuti mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, ndi magawo enanso 44 mu Novembala 2023. Kaamba ka ichi, laputopu yatsopano ndi katundu amene mphunzitsi wongoyamba ntchito sangamfikire msanga. Komatu galasi likada sindiye kuti makina onse afa. Kaŵirikaŵiri chimene chavuta ndi kanthu kamodzi kakang'ono, ndipo zolembedwa zonse zimakhala zili bwinobwino mkati.

Kufufuza kwake sikulira ndalama. Choyamba, lumikizani laputopuyo ku wailesi ya kanema kapena ku galasi la kompyuta ina pogwiritsa ntchito nthambo ya HDMI kapena VGA. Ngati ndi ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi la P. Zithunzi zikaoneka kumeneko, dziŵani kuti makinawo ali moyo, ndipo vuto lili pagalasi, panthambo yake, kapena panyali younikira galasilo. Musanachite china chilichonse, samutsirani ntchito yanu yonse pafulashi.

Chachiŵiri, loŵani m'chipinda cha mdima, yatsani laputopuyo, ndipo muunike galasi ndi tochi chapambali. Mukaona zilembo zikuoneka mwachizimezime, ndiye kuti yafa ndi nyali ya kumbuyo kwa galasi. Malaputopu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2010 ali ndi nyali ya kachubu kotchedwa CCFL, koyatsidwa ndi kachipangizo kotchedwa inverter, kamene kangathe kusinthidwa pakokha. Ambiri a pambuyo pake ali ndi nyali za LED zomangidwira m'galasi momwemo, kotero kuti zikafa pamafunika galasi lina.

Chachitatu, tsegulani ndi kutseka chivundikiro pang'onopang'ono uku mukuyang'anitsitsa. Chithunzi chikamabwera ndi kuchoka, kapena mizere ikamasintha pamene chivundikiro chikuyenda, kayikirani nthambo imene imadutsa pahinjesi. Nthamboyo imapindika nthaŵi zonse potsegula ndi potseka, motero imatha kusolokako kapena kuduka. Koma mukaona mng'alu ndi madontho akuda ngati inki yotayika, galasilo lasweka, ndipo palibe guluu kapena mankhwala amene angalibwezeretse.

Ngakhale pamenepo musataye mtima. Kuseri kwa galasi lililonse kuli kapepala kokhala ndi nambala yake, monga yoyamba ndi LP156 kapena B156, pamene 156 akutanthauza mainchesi 15.6. Makampani opanga magalasi ndi oŵerengeka, chotero galasi lochokera mu HP yakufa lingathe kukwanira mu Dell kapena Lenovo, malinga kukula kwake ndi poloŵera nthambo zikhale zofanana. Poloŵera pena pali timano 30, pena 40. Namadzi ali pamsewu wa pakati pa Limbe ndi Zomba, ndipo m'matauni onse aŵiriŵa muli amisiri osunga malaputopu akufa. Pitani ndi nambalayo, ndipo galasi lakale aliyese inu mukuona musanapereke ndalama, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Likasoŵa galasilo, laputopu ingathe kugwirabe ntchito patebulo italumikizidwa ku galasi lina.

Alipo ena amene anganene kuti mphunzitsi si mmisiri, ndipo kuti wogwiragwira zinthu zimene sadaphunzire amangoonjezera matenda. Mawu aŵa ali ndi nzeru, ndipo sindikuŵakana. Musatsegule laputopu isanazulidwe kumagetsi ndi kuchotsedwa batire. Kachubu ka CCFL kali ndi poizoni wotchedwa mercury, ndipo inverter imatulutsa magetsi amphamvu, choncho zimenezi zisiyireni mmisiri, ndipo musazitenthe kapena kuzitaya kudzala kumene ana amatola zoseŵeretsa. Ngati chipangizocho ndi cha sukulu, yambani mwapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu. Koma mayeso atatu ndatchula aja salira kumasula ngakhale sikulu imodzi. Munthu amene waŵachita amafika kwa mmisiri akudziŵa chimene akufuna, ndipo nkovuta kumlipiritsa galasi latsopano pamene yavuta ndi nthambo chabe.

Chifukwa china chachikulu chikukhudza kalasi yeniyeniyo. M'makoleji mwathu timaphunzitsa TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Tisaganize kuti nzeru imeneyi imathera pa zitsekerero za mabotolo ndi makatoni. Laputopu yodwala ndi phunziro la sayansi lokwanira. Aloleni ana aone vutolo, anene zimene akuganiza kuti zachititsa, ndipo muyese maganizo awo limodzi ndi limodzi, kuyambira pa losavuta. Mwana amene waona mphunzitsi wake akuunika ndi tochi nkupeza choona, adzachita chimodzimodzi njinga ikadzavuta kapena mjigo ukadzaleka kutulutsa madzi. Popeza kuyambira mu 2023 boma lidayamba kugaŵa matabuleti ophunzirira m'sukulu zapulaimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT, mphunzitsi woopa zipangizo adzavutika, ndipo ana ake adzatengera mantha omwewo.

Mnyamata uja tidapita naye kwa munthu wina wa pamsika amene adali ndi wailesi ya kanema. Titalumikiza, masikimu ake onse adaoneka, ndipo adaŵasamutsira pafulashi pomwepo. Tochi sidaonetse kanthu, mng'alu padalibenso, motero tidakayikira nthambo. Mmisiri atamasula chimango cha galasi adapeza kuti idangosolokako, naibwezera m'malo mwake. Katapila uja sadatengedwe. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Inu mukadzafika kusukulu zanu, tsegulani chivundikiro pogwira pakati, musasiye cholembera pamabatani potseka, ndipo musakhalire chikwama m'minibasi. Galasi likadzada, mudzayambe mwatenga tochi.